Abwana anga andiitanira ku kachisi wa Mariamman: ndipite kapena ndikane?

"Ndine mayi wa ana awiri. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina la amwenye ku Phoenix, kufupi ndi Durban. Mwezi wathawu mdzukulu wa abwana anga anatuluka katsabola. Agogo ake anapachika masamba pakhomo, ena anayala pogona mwanayo, n'kundiletsa kukazinga chilichonse m'nyumbamo. Ankati 'Amman wabwera'. Mwana atachira anamusambitsa madzi achikasu, ndipo tsopano akuti pa Lachisanu Loyera banja lonse lipita ku kachisi wa Mariamman ku Mount Edgecombe kukathokoza. Andipempha kuti ndipite nawo, akuti ndinavutika nawo limodzi. Ine ndine Mkhristu. Anzanga akundiopseza kuti kumeneko amapembedza njoka, ndipo ndikakadya phala lawo ndilodzedwa. Kodi kachisi ameneyu ndi wotani, nanga anayamba bwanji? Ndipite kapena ndikane? Chinanso, mwana wanga wamng'ono ndimakhala naye konkuno, ndikuopa kuti atengera matendawa."

Amayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. M'kalata yanu yonse mulibe chilichonse chosonyeza kuti wina akukufunirani zoipa. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa za zipembedzo, ndipo m'makachisi a Ahindu a ku KwaZulu-Natal ndalowamo, ndachezapo ndi ansembe ake komanso amayi achikulire amene amasunga miyambo imeneyi m'makomo. Zimene munaona kwa abwana anuzo ndi mwambo wakalekale, wodziwika, wochitika poyera aliyense akuona. Chifukwa chokuitanirani anena okha: munachezera nawo usiku mwana akubuula. Umenewo ndi ulemu. Kulandira kapena kukana ulemuwo ndi nkhani ina imene tifikeko, koma ndikufuna musankhe mukudziwa chimene mukusankha, osati chifukwa cha zoopseza za anzanu.

Tiyambire m'nyumba momwemo. Ponena kuti Amman wabwera, agogo aja ankati "amayi abwera", ndipo amayi akewo ndi Mariamman, mulungu wamkazi amene anthu a kumwera kwa India, makamaka ku Tamil Nadu, amakhulupirira kuti ndiye mwini mvula komanso mwini matenda otulutsa zidzolo ndi matuza: nthomba, chikuku ndi katsabola. Kwa iwo matendawa si tsoka wamba. Amati mayiyo walowa m'thupi la wodwalayo, thupi latentha ndi mphamvu yake, ndipo ntchito ya a m'nyumba ndi kumulandira ngati mlendo wolemekezeka n'kumuziziritsa mtima mpaka achoke mwamtendere. Mukagwira mfundo ya kutentha ndi kuzizira imeneyi, zonse munaona zija zimamveka. Kukazinga kumaletsedwa chifukwa mafuta othetheka pamoto amawonjezera kutentha m'nyumba. Wodwala amadyetsedwa zimene iwo amaziwerenga kuti n'zozizira, monga chambiko, madzi a kokonati ndi phala. Chikasu cha m'madzi osamba aja ndi tameriki, yemweyo mumathira m'ndiwo zawo. Masamba ku India amakhala a nimu, mtengo uja wadzaza ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ku Natal nimu unali wosowa, choncho anthu anatenga masamba a mtengo wofanana nawo, umene kwathu timati indya. Amayala pogona, amakupizira nawo mwana, amasisita nawo khungu pang'onopang'ono kuti asadzikande. Opachika pakhomo aja ali ndi ntchito ina yanzeru ndithu: amauza aliyense wobwera kuti muno muli matenda, musalowe chisawawa. Anthu a m'midzi ya ku India ankapatula odwala mwa njira imeneyi kalekale, asanamve n'komwe za tizilombo toyambitsa matenda.

Kuti mumvetse kukula kwa mantha amene anabala chipembedzo chimenechi, kumbukirani kuti nthomba sinali katsabola. Mwa anthu khumi ogwidwa ndi nthomba yoopsa ija, pafupifupi atatu ankamwalira, ndipo opulumuka ambiri ankatsala ndi zipsera kumaso, ena osaona. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 1980 kuti nthomba yatheratu, koma zaka mazanamazana m'mbuyomo mayi aliyense wa ku Tamil Nadu ankadziwa kuti nyengo yotentha ikafika, mvula n'kuchedwa, mliri ukhoza kusesa ana theka la mudzi. Mvula ikagwa, dziko linkazizira, mbewu zinkamera, matenda ankachepa. Ndiye n'chifukwa chake mvula ndi nthomba zili m'manja mwa mulungu mmodzi yemweyo. Amamuopa ndi kumukonda nthawi imodzi. Matuza a nthomba ena amawatcha ngale zake, ndipo mukamva dzina lakuti Muthu Mariamman, akunena Mariamman wa ngale.

Iyeyu poyamba sanali mulungu wa m'makachisi akuluakulu a mafumu. Anali mayi wa mudzi, woteteza malire ake, ndipo malo ake kawirikawiri ankakhala mwala chabe, mtengo wa nimu, kapena chulu. Ansembe ake nthawi zambiri sankachokera ku mtundu wa Abrahmin, umene umatsogolera mapemphero m'makachisi otchuka, koma kwa anthu wamba, olima ndi ogwira ntchito zamanja. Pali nthano yodziwika kwambiri yofotokoza chiyambi chake. Akuti kunali mayi wotchedwa Renuka, mkazi wa munthu wopatulika dzina lake Jamadagni. Mwamunayo anamukayikira kuti maganizo ake anasochera, ndipo mwaukali analamula mwana wawo Parashurama kuti adule mutu wa amayi ake. Renuka pothawa anakakumbatira mayi wina wa mtundu wonyozeka, ndipo mitu ya onse awiri inadulidwa. Mwanayo atapatsidwa mwayi wopempha chimene akufuna, anapempha kuti amayi ake akhalenso ndi moyo, koma m'chipwirikiti anasinthanitsa mitu: mutu wa mayi wapamwamba unalumikizidwa ku thupi la mayi wonyozeka uja. Nthanoyi imakambidwa mosiyanasiyana malinga ndi dera, koma mtima wake susintha. Ndi mkazi wolakwiridwa, wophatikiza olemekezeka ndi onyozeka m'thupi limodzi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona chikondi chimene amayi ndi anthu osauka ali nacho pa iye: amamuona ngati wodziwa kuwawa kwa kuponderezedwa.

Ahindu ophunzira za chipembedzo chawo adzakuuzani kuti Mariamman ndi maonekedwe amodzi a Shakti, mphamvu yachikazi ya Mulungu, yemweyo amene kwina amamutcha Parvati, Durga kapena Kali. Ambiri amanena kuti Mulungu ndi mmodzi koma amaonekera m'njira zambiri, ndipo chiboliboli cha m'kachisi sachitenga ngati mwala wamba kapena ngati Mulungu yense, koma ngati mpando umene iye amakhalapo pokumana ndi anthu ake. Simukukakamizidwa kuvomereza zimenezo, inenso sindikukuuzani kuti muvomereze. Koma ndi bwino kumva mmene eni ake amanenera. Ngati kwathu munazolowera Ahindu a ku Limbe, Blantyre kapena Lilongwe ndipo simunaonepo zoterezi, chifukwa chake n'chakuti ambiri a iwo makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, kumene miyambo ndi chilankhulo n'zosiyana ndi za Atamil. Amwenye si mtundu umodzi.

Tsono mayi wa m'midzi ya ku Tamil Nadu anafika bwanji pakati pa minda ya nzimbe ya ku Natal? Pa 16 Novembala 1860 sitima yapamadzi yotchedwa Truro inakocheza ku Durban kuchokera ku Madras, mzinda umene lero ndi Chennai, itanyamula gulu loyamba la amwenye odzagwira ntchito ya kontrakiti. Patangopita masiku ochepa inafikanso ina, Belvedere, kuchokera ku Calcutta. Kuyambira pamenepo mpaka 1911, pamene boma la India linaletsa kutumiza anthu ku Natal, anabwera oposa 150,000, ndipo ambiri anali olankhula Chitamil ndi Chitelugu. Kontrakiti inali ya zaka zisanu. Mwamuna ankayamba ndi mashiling'i 10 pamwezi, kuwonjezerapo phoso la mpunga kapena ufa wa chimanga, nyemba ndi nsomba zouma. Ankagona m'nyumba zamdadada zothithikana, ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, osaloledwa kuchoka pamunda popanda chiphaso. Aliyense amene agogo ake anapita ku migodi kudzera ku Wenela amadziwa fungo la moyo umenewu: kudinda chala papepala losawerengeka, kupatsidwa nambala, kusiya mudzi osadziwa ngati udzauonanso. Akazi anali ochepa, matenda anali ambiri, ndipo mbiri ikusonyeza kuti odzipha analipo ochuluka.

Anthu otere sakanatha kumanga makachisi ataliatali ngati a kwawo, ndipo ansembe a Chibrahmin pakati pawo anali owerengeka. Koma Mariamman safuna zambiri. Mwala, nthungo yachitsulo ya nsonga zitatu yozika pansi, masamba, mphika wa phala, basi mudzi wapeza mayi wake. Kulikonse kumene Atamil anapita kukagwira ntchito, kachisi wake ankakhala m'gulu la oyamba kumangidwa. Wa ku Singapore ndi wa 1827, wa ku Kuala Lumpur ndi wa 1873, wa ku Marabastad mu Pretoria unayamba mu 1905. Ku India kwenikweniko wotchuka kwambiri ali ku Samayapuram, pafupi ndi Tiruchirappalli. Kumene mukukhalako kuli awiri amene amakoka khamu lalikulu pa Pasaka: wa ku Isipingo Rail kumwera kwa Durban, ndi wa ku Mount Edgecombe kumpoto, umene mwaitanidwako.

Mount Edgecombe inali mtima wa ulimi wa nzimbe. Kunali fakitale ya shuga ndi minda ya kampani ya Natal Estates, ya Marshall Campbell, yemwe dzina la dera la KwaMashu ku Durban linachokera kwa iye. Kachisi wa Mariamman kumeneko amawerengera chiyambi chake kuchokera mu 1890, ndipo oyambitsa ake anali odula nzimbe omwewo, osonkha timakobiri ta malipiro awo. Dera lomweli linaona magazi mu Novembala 1913, pamene amwenye ogwira ntchito m'migodi ya malasha ndi m'minda ananyanyala pokana msonkho wa mapaundi atatu umene ankalipitsidwa aliyense womaliza kontrakiti amene sanafune kusainanso kapena kubwerera ku India. Apolisi anawombera onyanyala m'minda ya kumeneko, ena n'kufa, ndipo msonkhowo unathetsedwa mu 1914. Pambuyo pake kunabwera tsankho la boma ndi lamulo la Group Areas Act la 1950, limene linasamutsa mabanja ambirimbiri kuchoka ku malo monga Cato Manor kupita ku Chatsworth ndi ku Phoenix kumene inu mukugwira ntchito. Ku Pretoria anthu anawasamutsira ku Laudium, kachisi n'kutsala ku Marabastad. Nyumba zinagumulidwa, oyandikana nawo anamwazikana, koma makachisi akale ambiri anatsala pamalo pake, ndipo anasanduka malo amene banja lobalalika limakumaniranako chaka ndi chaka. Agogo a m'nyumba mwanuwo akamapita ku Mount Edgecombe, n'kutheka ndithu kuti akuponda pamene amayi awo ndi agogo awo ankaponda. Muwafunse tsiku lina mukusenda nawo anyezi. Achikulire otere amakonda kufunsidwa za kwawo.

Mwina mukudabwa kuti Ahindu akuchitiranji mwambo wawo pa Lachisanu Loyera. Sakutonza Akhristu ayi. Pa kalendala ya Chitamil mwezi wa Mariamman ndi Aadi, umene umayamba pakati pa Julayi n'kutha pakati pa Ogasiti, ndipo mapemphero a phala m'makomo amachitika nthawi imeneyo mpaka lero. Koma m'minda ya azungu masiku opuma ankatsata kalendala ya Chikhristu, ndipo Pasaka ndiyo inkapatsa antchito mpata wa masiku otsatizana woti ayende mtunda kukakumana. Chizolowezi chobadwa m'kusowa ufulu chinakhazikika n'kukhala mwambo. Ku Pietermaritzburg nyengo yomweyi kumachitika mwambo woyenda pamakala amoto, umene kwenikweni ndi wolemekeza mulungu wina wamkazi, Draupadi, ngakhale anthu amawaphatikiza awiriwa.

Za njoka zija, anzanu anamva kanthu koona koma anakapotoza. Mbiri ya kachisi wa ku Mount Edgecombe yamangika pa chulu chopatulika, chimene m'Chitamil amati puthu. Kumwera kwa India chulu chimalemekezedwa chifukwa ndi dothi lodzikweza lokha kuchoka pansi, ndipo m'mauna ake mumakhala njoka, imene kwa iwo ndi chizindikiro cha chonde, kubereka ndi chitetezo. Ngakhale kachisi wakale wa ku Punnainallur, pafupi ndi Thanjavur, mbiri yake imati mayiyo anaonekera ngati chulu. Chulu chotere mukachiyandikira mumapeza chitawazidwa tameriki ndi ufa wofiira mpaka dothi lake kusanduka lachikasu, chitavekedwa nsalu ya sari ndi nkhata za maluwa, m'munsi mwake muli timabakuli ta mkaka, mazira ndi mandimu, lubani akufuka. Amayi ofuna mwana amaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali pamodzi, milomo ikugwedera, ena misozi ili m'masaya. Palibe amene adzakugwiritseni njoka kapena kukutumizirani njoka kunyumba. Chimene chili pamenepo ndi pemphero la munthu wosweka mtima, lopita kumene iye amakhulupirira kuti kuli thandizo.

M'kati mwa kachisi mudzaona chifaniziro cha mayi wokhala pansi, wa manja anayi, atagwira nthungo ya nsonga zitatu, mpeni, kang'oma kakang'ono ndi mbale, pamwamba pa mutu wake njoka ya mitu isanu itafutukula khosi ngati ambulera. M'makachisi ambiri kutsogolo kwake kumakhalanso mutu wokha wamwala, wokumbutsa nthano ya Renuka ija. Wansembe amaliza belu, amazunguza lawi la moto patsogolo pa chifanizirocho, kenako amalibweretsa kwa anthu, iwo n'kuyandikiza zikhatho ku lawilo n'kudzigwira kumaso. Amaswa kokonati, amapereka nthochi ndi mkaka, amalandira phulusa loyera ndi ufa wofiira zodzola pachipumi. Panja pamakhala ng'oma zaphokoso, ndipo mudzaona wina atasenza mphika wokongoletsedwa ndi maluwa ndi masamba mpaka kuoneka ngati kansanja. Umenewo ndi karagam, ndipo amakhulupirira kuti mayiyo ali m'menemo pa nthawi ya mwambo. Ndikuchenjezeni pasadakhale za chinthu chimodzi chimene chimadzidzimutsa alendo: ng'oma zikakolera, anthu ena amagwidwa, amanjenjemera, amatulutsa lilime, amavina maso ali gwa, ndipo ena amawagwadira kuti awadalitse. Eni ake amati mayiyo watsikira pa munthuyo. Ngati zimenezi zingakusowetseni mtendere, imani chapatali; palibe amene adzakuoneni molakwika.

Ambiri mwa anthu a m'khamulo abwera kudzakwaniritsa chowinda. Mwana atadwala, mayi anawinda kuti akachira ndidzabwera ndi sari, ndidzaphika phala, ndidzadyetsa anthu. Banja la abwana anu likupita pa chifukwa chomwecho. M'makachisi ena ndi m'makomo ena chowindacho chimakhala nkhuku kapena mbuzi yophedwa, koma nkhani imeneyi Ahindu eni ake amatsutsana kwambiri, ndipo makachisi ambiri analeka kukhetsa magazi, amangopereka zipatso ndi zamasamba. Afunseni abwana anu mosabisa chimene iwo akukachita, kuti musakadzidzimuke.

Phala lija ndi chakudya basi. Ku Tamil Nadu amaphika ndi mawere kapena machewere, ku South Africa anasinthira ku ufa wa chimanga chifukwa ndi umene unalipo. Amalisiya kuti lisase pang'ono, amalisungunula ndi madzi kapena chambiko, ena amadulira anyezi, ndipo limadyedwa lozizira pamodzi ndi ndiwo za maungu, kabichi kapena masamba a chammwamba. Ndi chakudya cha mlimi wosauka m'nyengo yotentha, ndipo cholinga cha mwambowo ndi chakuti ligawidwe kwa aliyense, oyandikana nawo, odutsa, osowa, posayang'ana mtundu kapena mpingo. Mulibe mankhwala olodzera munthu. Mphika umene akupatseni inu ndi womwewo akumwa ana awo.

Komabe sindikunamizani kuti ndi phala wamba ngati la m'mawa. Lisanagawidwe limayamba laperekedwa kwa Mariamman, ndipo olandira amalitenga ngati dalitso lochokera kwa iye. Apa ndiye pali funso lenileni la Mkhristu, ndipo si lachilendo. Paulo analikamba m'kalata yoyamba kwa Akorinto, mutu 8 ndi mutu 10. Mbali ina akuti fano si kanthu, ndipo wosakhulupirira akakuitanani kuchakudya, idyani chimene akupatsani osafunsafunsa. Mbali ina akuti wina akakuuzani kuti ichi chaperekedwa nsembe, musadye, chifukwa cha chikumbumtima. Mipingo imawerenga ndime zimenezi mosiyana. Ndaona Akhristu okhwima m'chikhulupiriro amene amaperekeza anzawo ku kachisi, kuima mwaulemu, kudya nawo, n'kubwerera mtima uli mbee. Ndaonanso ena okhwima chimodzimodzi amene sangaponde pakhomo pake. Kwa Asilamu amene akuwerenga nawo, nyama yophedwa m'dzina la wina osati Allah ndi yoletsedwa poyera, ndipo zina zonse afunse shehe wawo.

Maganizo anga ndi awa. Kupita monga mlendo woperekeza si kupembedza. Mukhoza kupita, kunyamula mwana, kuthandiza agogo pokwera masitepe, kuona ndi maso anu, koma osagwada, osayandikiza manja ku lawi, osadzola phulusa. Wansembe akafika pa inu, ikani dzanja pamtima, weramitsani mutu pang'ono n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi. Amamva, ndipo alendo a zipembedzo zina anawazolowera. Phala mukhoza kulikana ndi mawu ofatsa. Koma ngati mukudziwa kuti mukapita mudzabwera ndi mtima wolemera, kugona osagona, chilichonse chokuchitikirani n'kumati ndi chifukwa cha kuja, ndiye musapite. Mantha oterowo amadwalitsa munthu ngakhale palibe chimene chamuchitikira. Ndipo musadikire m'mawa wa tsikulo. Auzeni agogowo masiku akadalipo, kuti mwathokoza kwambiri, kuti mwanayo mumamukonda ndipo mukamuthokozera Mulungu ku tchalitchi kwanu, pakuti Lachisanu Loyera ndi tsiku lalikulu kwa inunso. Munthu wopemphera amamvetsa wopemphera mnzake. Ngati mtima ukukayikabe, kambiranani ndi abusa anu kapena mayi wamkulu wa mumpingo, koma sankhani wodekha, wofunsa mafunso asanayankhe, osati wongothamangira kukuuzani kuti mwalowa m'pangano ndi ziwanda chifukwa munakolopa m'chipinda cha mwana wodwala.

Mukasankha kupita, valani zophimba mapewa ndi mawondo. Chitenje chanu n'chokwanira bwino lomwe. Nsapato zimavulidwa panja. Banjalo mwina likhala likusala nyama masiku angapo m'mbuyo mwake, choncho musanyamule kamba wa nyama kapena nsomba. Pozungulira kachisi amayenda kachisiyo ali kudzanja lamanja, ndipo chilichonse chopatsidwa chimalandiridwa ndi dzanja lamanja. Mwa mwambo wawo mayi amene ali kumwezi salowa m'kati, ndiye zikakugwerani tsiku limenelo ingonong'onezani agogowo. Musajambule anthu ogwidwa aja popanda chilolezo. Khamu limakhala lalikulu zedi, dzuwa la ku Durban nalo silichita chibwana, choncho tengani madzi, sungani foni ndi ndalama mosamala, ndipo mwana mumugwire dzanja nthawi zonse.

Pali mbali ina imene simunaifunse koma ndiyenera kuitchula, chifukwa pakati pa bwana ndi wantchito kuitana nthawi zina kumakhala kulamula kovala bwino. Malamulo a dziko la South Africa amateteza ufulu wa chipembedzo wa munthu aliyense, ndipo Lachisanu Loyera ndi tsiku la tchuti cha boma. Ngati mukupita monga mlendo, ndinu mlendo. Ngati mukupita kukasenza miphika ndi kulera ana tsiku lonse, imeneyo ndi ntchito ya pa tchuti, imafuna kuti muvomere nokha ndipo malipiro ake amakhala owirikiza kawiri. M'kalata yanu sindikuonamo zokakamiza, koma zitachitika kuti mwakana ndipo akuopsezani kuti ntchito yatha, pitani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pakati pa antchito ndi mabwana awo, kapena ku ofesi yoona za ntchito. Antchito a m'nyumba nawonso amatetezedwa ndi malamulo amenewa.

Tsopano za mwana wanu, ndipo apa ndilankhula mosazungulira. Masamba ndi tameriki zikhoza kuchepetsa kuyabwa, koma sizipha kachilombo ndipo sizitchinga kupatsirana. Katsabola amafala mumpweya komanso pokhudza madzi a m'matuza, ndipo wodwala amapatsira ena kuyambira tsiku limodzi kapena awiri zidzolo zisanatuluke mpaka matuza onse atauma n'kuchita nkhanambo. Wotengera amayamba kudwala pakati pa masiku 10 ndi 21. Werengani kuchokera tsiku lomaliza limene mwana wanu anayandikana ndi wodwalayo matuza asanaume. Ngati masabata atatu adutsa ali bwinobwino, ngozi ya ulendo uno yapita. Akatuluka, kwa ana ambiri athanzi katsabola amatha yekha: muwengereni zikhadabo, amwe madzi ambiri, kutentha thupi muchepetse ndi panado pa mlingo wa msinkhu wake. Asipirini musamupatse konse, chifukwa kwa mwana wa katsabola angathe kuwononga chiwindi ndi ubongo. Masamba a indya ngati mwawagwiritsa ntchito akhale a pakhungu pokha. Asamwe madzi ake, ndipo zipatso zake zachikasu zija ndi poizoni, ana asaziike m'kamwa.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwana akupuma movutikira, akugona mosadzutsika, khosi lauma, wakomoka, akusanza chilichonse, kapena khungu lozungulira matuza lafiira, latupa ndi kutuluka mafinya. Khanda, mayi woyembekezera amene sanadwalepo katsabola, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi n'chotsika, monga amene ali ndi HIV kapena akulandira mankhwala a khansa, asadikire zizindikiro: akangokhala pafupi ndi wodwala akaonane ndi a chipatala. Inuyo ngati simunadwalepo muli mwana, dziyang'anireni, chifukwa kwa akuluakulu amabwera mwamphamvu.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chakuti m'makomo ambiri mawu akuti "Amman wabwera" amanenedwa pa katsabola ndi pa chikuku pomwe, pamene matenda awiriwa kuopsa kwake n'kosiyana kutalitali. Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi kwambiri, chifuwa, chimfine ndi maso ofiira, kenako zidzolo zosalala zopanda madzi zoyambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kutsikira m'thupi. Chimabweretsa chibayo, kutsekula m'mimba, kusaona, ndipo chimapha ana, makamaka operewera zakudya. Chimenecho si chosunga m'nyumba kudikira kuti mlendo achoke yekha. Mwana amafunika kuonedwa ndi kupatsidwa vitamini A. Mabanja ambiri a Chihindu amene ndikuwadziwa amachita zonse ziwiri popanda vuto, kuchipatala amapita, masamba pakhomo amapachika. Mukadzaona mwana wa m'nyumbamo ali ndi zizindikiro za chikuku ndipo achikulire akuzengereza, lankhulani ndi mayi ake a mwanayo pambali.

Katemera wa chikuku ku South Africa amaperekedwa pa miyezi 6 ndi 12, pamene ku Malawi ndi pa miyezi 9 ndi 15. Ana osamuka pakati pa mayiko awiriwa ndi amene amaphonya kawirikawiri, chifukwa mayi amaganiza kuti anamaliza kwawo pamene analandira woyamba wokha. Tengani buku la kusikelo la mwana wanu, ngakhale likhale la ku Ntcheu, mupite nalo ku kiliniki ya boma yapafupi kuti anamwino aone chimene chikusowa. Katemera wa ana kumeneko ndi waulere, ndipo ngati wina wakubwezani pachipata chifukwa ndinu mlendo, yesani kiliniki ina kapena pemphani abwana anu akuperekezeni. Chitani zimenezi Pasaka isanafike, makamaka ngati mukuganiza zomutenga mwanayo kukalowa naye m'khamu la ku Mount Edgecombe.